Anayambitsa munda wa ku Botanic ku Zomba ndi ndani?

Mwana wa ku Chinamwali:
Akuluakulu ndithandizeni. Pa Botanic paja timakhalapo daily, ena kukajambulitsa zithunzi za ukwati ena kukawerenga m'mphepete mwa Mulunguzi, koma amene anayambitsa malo aja ndi ndani kwenikweni? Wina akuti mzungu wina dzina lake Whyte, wina akuti Buchanan. Ndiye Whyteyo inali ntchito yanji yomwe boma linkamulipira, kumangothyola masamba basi?

Mphunzitsi Wopuma:
Ndi Alexander Whyte mwana wanga, wa ku Scotland, anabadwa 1834. Buchanan ndi wa khofi uja komanso ndi amene anamanga nyumba imene lero ndi Hotel Masongola, nchifukwa chake anthu amawasokoneza poti malowo ndi oyandikana. Whyte asanabwere kuno anakhalitsa ku Ceylon, dziko lomwe pano mukuti Sri Lanka, ndiye Harry Johnston atabwera mu 1891 kudzakhazikitsa boma la atsamunda anamutenga kuti akhale woyang'anira za zomera ndi zinyama. Tangoganizani, munthu anali ndi zaka 57 panthawiyo, msinkhu umene ena tinayamba kale kuwerengera za penshoni, koma chaka chomwecho anakwera phiri la Mulanje kukatola zomera. Munda wa ku Zomba uja poyamba sunali wokapumirako ayi, unali woyeserapo mbewu ndi mitengo yochokera kunja kuti aone yomwe ingachite bwino kuno ndi kubweretsa ndalama.

Nachisale:
Pa zothyola masamba zo musapeputse achimwene. Ine ndinaphunzirako pang'ono za ntchitoyi, si masewera. Umayenera kupeza nthambi ili ndi maluwa kapena zipatso, apo ayi palibe angaizindikire, kenako kuipana pakati pa mapepala ndi matabwa, mapepala kumasintha pafupipafupi chifukwa akangochita chinyezi zonse zimachita nkhungu, ndiye ganizirani chiperoni cha ku Mulanje chija. Pamwamba pa apo ulembe malo, tsiku, kutalika kwa mtengo, mtundu wa duwa lisanafote. Zikauma mpamene zinkakwera sitima kupita ku London, ku British Museum ndi ku munda wofufuzira zomera wa Kew. Mkungudza wa ku Mulanje unadziwika kwa asayansi choncho, katswiri wina wa zomera dzina lake Rendle anaulemba mu 1894 nkuutcha Widdringtonia whytei. Ndipo sanali wa zomera zokha, mbalame ndi mbewa zomwe ankatumiza, mpaka pali mbalame zotchedwa dzina lake. Mu 1896 anakafika mpaka ku Nyika ndi ku Misuku.

Wa pa Likhubula:
Zonsezo tamva koma ine pamene pamandiwawa mpakuti mabuku amati "anatulukira" mkungudza. Kutulukira chani anthu anali kale pansi pa phiri, akuudziwa mtengowo, fungo lake akulidziwa? Mdala wa zaka 57 njira ya ku Lichenya anaidziwa yekha? Amene anamutsogolera, amene anasenza matabwa ndi mapepala aja pamutu, ophika, osenda zikopa za mbalame, maina awo mungawapeze pati? Komanso boma litangodziwa kuti matabwa ake salowa chiswe macheka anayamba kulira mphiri, nyumba zambiri zakale za boma denga lake ndi mkungudza. Kamuzu anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984 koma kudula sikunasiye, moto wolusa nawo chaka ndi chaka, pofika 2017 ofufuza anangopezamo mitengo ikuluikulu 7 yokha phiri lonse lija. Pano tikudalira mbande za ku nazale.

Mphunzitsi Wopuma:
Za onyamula katundu mwanena zoona bambo, sindingatsutse. Koma zodula mitengo musamukwezere Whyte yekha, wapita kalekale munthuyo, anamwalira 1908, ndipo zimene zachitika zaka 30 zapitazi ndi macheka athu omwe. Atachoka kuno anapita ku Uganda komwe anakayambitsa munda wina ku Entebbe mu 1898, uliponso mpaka lero m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kenako anakafikanso ku Liberia pa nkhani za mphira ali nkhalamba ndithu.

Nachisale:
Kuwonjezera apo, zomera zouma zija zikadalipo ku London ndipo munthu akafuna kutsimikiza ngati mkungudza wathu uli wosiyana ndi unzake waufupi uja, nodiflora, womwe umameranso ku Mulanje konko, amabwerera ku zimene zinatoledwa kale zija. Ife kwathu kuno nkhokwe yake ndi National Herbarium ku Zomba, inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987 ndipo ndi amene amasamala Botanic yanuyo.

Mwana wa ku Chinamwali:
Eee zikomo nonse, ndiye ku Herbarium ko munthu wamba amaloledwa kukaona zomera zoumazo kapena mpaka kalata ya kusukulu?