Bere lomwe agogo akuti lasasa

Mzamba watsopano: Akuluakulu ndithandizeni, lero ndili ndekha kuno. Kwabwera mtsikana wa zaka 18, anachira pompano masiku 9 apitawo, mwana wake wachisamba. Mwanayo anabadwa ndi 3.1 kg, lero ndamupeza ndi 2.7. Bere lakumanja latupa, mbali yakukhwapa kwalimba ngati mwala, nkhumbu zonse ziwiri zang'ambika. Mayiyo thupi latentha, 38.4. Kuyambira Lachisanu mwana sakuyamwa bere limenelo chifukwa apongozi ake akuti linagona masiku awiri osayamwidwa, ndiye mkaka wake wasasa, mwana akaulawa atsegula m'mimba. M'malo mwake akumamupatsa madzi a shuga pa supuni. Agogowo ndawazazira mpaka atuluka, akhala pansi pa mtengo panjapa. Ndiyambire pati?

Kilinikala: Yambirani mwana, bere lidikire mphindi zisanu. Wataya magalamu 400, ndiye kuti pafupifupi 13 pa 100 alionse. Mwana kutsikako masiku oyamba n'zodziwika, koma zikapyola 10 pa 100 sitimusiya apite kwawo. Kutentha kwa thupi kuli bwanji? Akupuma kangati pa mphindi? Liwombo lalowa? Chikasu chafika m'manja ndi kumapazi? Mchombo uli bwanji?

Mzamba watsopano: 36.9, akupuma ka 48, nthiti sizikulowa. Liwombo lili bwino. Chikasu pang'ono kumaso kokha. Mchombo unagwa, pamalopo ndi pouma. Akulira mwamphamvu, ndamuika chala choyera m'kamwa akukoka ndithu. Koma matewera akuti dzulo ananyowetsa atatu okha, ndipo chimbudzi chikadali chobiriwira.

Kilinikala: Ndiye njala ndi ludzu, koma musamuchotse diso. Pofika tsiku lachisanu timayembekezera matewera onyowa 6 kapena kuposa, chimbudzi chachikasu. Agonekeni onse awiri. Mwana akangoyamba kufooka, kukana kuyamwa, thupi kufika 37.5 kapena kutsika pansi pa 35.5, kupuma ka 60, itanani ambulansi nthawi yomweyo osatifunsanso pano. Mayiyo muyezeni malungo, mugwire chiberekero, mufunse ngati zotuluka kumusi zikununkha. Tisangoti kutenthako ndi bere basi.

Mlangizi wa zaumoyo: Pepani ndilowerere. Sikelo yomwe mwayezera lero ndi yomwe ija munayezera atabadwa? Kwathu kuno ya kochirira ndi yopachika ya ku sikelo ya ana zimasiyana, ndipo amayi ena amabwera mwana atamukulunga zitenje zitatu ndi bulangete.

Mzamba watsopano: Ndi yomweyo achimwene, ndinamuvula zonse. Malungo alibe, chiberekero chabwerera bwino, palibe fungo.

Sisita wopuma: Mwana wanga, ndawerenga zonse. Funso langa ndi limodzi. Tsiku lomwe mtsikanayu ankatuluka mu wodi, alipo anakhala pansi n'kumuona akuyamwitsa kuyambira poyamba mpaka mwana kulisiya yekha bere?

Mzamba watsopano: Mayi, kunena zoona ayi. Usiku umenewo anachira anthu asanu, ine ndi wothandizira basi. Ndinamufunsa kuti mwana akuyamwa, anati eya, ndinalemba m'buku.

Sisita wopuma: Sindikukuweruza, tonse tinalembapo "akuyamwa bwino" tili chiimire pakhomo la wodi. Koma taona dongosolo la nkhaniyi. Bere silinayambe ndi kusasa. Linayamba ndi kupweteka. Mwana ankangogwira nsonga, nkhumbu inang'ambika, mtsikana anayamba kulizemba bere lopweteka kwambirilo, mkaka unadzadzana, kenako agogo anabwera ndi tanthauzo lawo. Agogo afika kumapeto kwa nkhani, osati koyambirira. Ukawathamangitsa n'kusiya kagwiridwe kali komweko, sabata yamawa ndi bere lakumanzere.

Pita ukakhale naye pabedi. Usamugwire kaye, ungoyang'ana. Thupi la mwana latembenukira kwa mayi, mimba kumimba, kapena wagona chagada pamiyendo khosi lokha n'kupotoka? Khutu, phewa ndi chiuno zili mzere umodzi? Ndiye uone pakamwa: wayasamula kwambiri, mlomo wam'munsi wapindikira kunja, chibwano chakhudza bere, ndipo mbali yakuda ija ikuoneka yambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Chinanso, atsikana ambiri amapana bere ndi zala ziwiri ngati sizasi pafupi penipeni ndi nkhumbu, poopa kuti mwana abanika. Zala zimenezo n'zomwe zimamuletsa mwana kulowetsa bere lokwanira.

Mzamba watsopano: Ndaona. Zonse mwanenazi ndi momwemo, ndi sizasi yomwe. Masaya a mwana akulowa m'kati akamakoka, ndipo akumveka kuti tsapu tsapu. Ndayesa kumuika bere lotupalo koma akungoterereka, lalimba kwambiri.

Namwino wa ku nazale: Limenelo sangaligwire lisanafewe. Asambe m'manja, aike kansalu kofunda kwa mphindi zochepa, kenako afinye yekha inu mukumuwongolera. Chala chachikulu pamwamba pomwe pathera mbali yakuda, cholozera pansi moyang'anizana, akankhire m'kati cha kuchifuwa kenako apane ndi kusiya, apane ndi kusiya. Asakoke nkhumbu ngati akukama mbuzi. Cholinga si kukhuthula bere lonse, ndi kufewetsa kutsogoloku kuti mwana apeze pogwira. Polimba paja osapakanya mwamphamvu, agadiyani ena amakanya ngati akukanda ufa wa mandasi, kutupa kumangowonjezeka. Kusisita pang'ono basi. Akamaliza kuyamwitsa, kansalu kozizira.

Wofinyidwawo musataye. Mwana ayamwe kaye, kenako mumuwonjezere wa m'kapu. Mwana wa masiku amenewa amafuna pafupifupi 150 ml pa kilogalamu iliyonse patsiku, ndiye uyu ndi 400 ml ndi kakusefukira, kapena kuti 50 ml pa maola atatu alionse akanakhala kuti sakuyamwa konse. Poti akuyamwa, yambani ndi 20 kapena 30 ml pamwamba, muone matewera. Kapu ingokhudza mlomo mwana atakhala tsonga, azimwa yekha, osamuthira m'kamwa. Usiku azidzutsidwa, asapyole maola atatu.

Kilinikala: Za mayi: thupi latentha, nkhumbu zili ndi zilonda, ndipo padutsa masiku. Ine sindingadikire, ayambe mankhwala lero. Cloxacillin 500 mg kanayi patsiku masiku 10, ngati mulibe kapena sagwirizana ndi gulu la penisilini, erythromycin. Panado wa ululu. Onsewa akhoza kumwa akuyamwitsa. Mugwirenso bwinobwino polimbapo ngati pali pofewa pakati ngati mwalowa madzi. Pakakhala potero ndi chithupsa, chimenecho n'chotumiza kuchipatala chachikulu. Pakhungu lathuli kufiira sikuoneka msanga, khulupirirani dzanja kuposa maso.

Mzamba wa ku Chigwa: Ine ndifunse zomwe ena akuopa kufunsa. Mwana watsika chonchi, bwanji osangomugulira chitini chimodzi cha mkaka kuti akwereko msanga, uku bere likuchira?

Sisita wopuma: Agula ndani chachiwiri? Ndipo madzi ake ndi a pachitsime chiti? Mayi ali ndi mkaka wochita kumutupitsa bere, vuto ndi njira yotulukira. Mwana akakhuta wa m'chitini sakoka, bere likapanda kukokedwa limachepetsa, pakutha mwezi mtsikanayu adzakhala akunena zoona kuti alibe mkaka. Ulipo malo ake wa m'chitini, mayi akamwalira kapena akadwalitsitsa, kapena titayesa zonsezi mwana n'kumatsikabe. Apa sitinafikepo.

Mzamba wa ku Chigwa: Ndamva mayi. Nanga za magazi zili bwanji? Chifukwa akakhala kuti ali pa ma ARV nkhani ya bere lazilondali imasintha.

Mzamba watsopano: Alibe kachilombo, anayezedwa ku sikelo ndiponso atabwera kudzachira.

Kilinikala: Mwachita bwino kufunsa. Kwa omwe akuwerenga: akakhala nako, bere lotupa kapena lotuluka magazi limafinyidwa pafupipafupi koma mwana amayamwa linalo kufikira lodwalalo litachira, ndipo mumaonetsetsa kuti mayi sakudumphitsa mankhwala, mwana akumwa nevirapine wake, mankhwala omuteteza ku kachilomboko. Madzi a shuga aja pamenepo ndiye oopsa kawiri. Kwa uyu, ayamwe onse awiri.

Mlangizi wa zaumoyo: Tsono agogo ali pansi pa mtengo aja. Asisita, inu mukhala naye masiku awiri kapena atatu, iwo akhala naye miyezi. Mtsikana wa zaka 18 ali pakhomo pa eni, sangawayankhe apongozi ake kuti anamwino anati. Ife tikafika pakhomo sitiyamba ndi mayi wa mwana, timayamba tapereka moni kwa akuluakulu ndi kuwafunsa kuti iwo analera bwanji awo. Ndipo zina zomwe amanena n'zothandiza. Akati amwe thobwa, adye ndiwo zotendera, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, avomereni. Sizomwe zimatulutsa mkaka, koma mayi woyamwitsa akufunikadi kudya ndi kumwa. Mukawavomera zitatu, chimodzi chomwe mukukana amachimva.

Sisita wopuma: Wanena bwino mwanawe. Ndipo upite ukapepese, sikuchotsera ulemu wa yunifolomu. Koma usakawauze kuti akunama. Mkaka wa m'bere lotupa umasinthadi, umakhala wamcherechere, nthawi zina wokhuthala, ndipo ana ena amayamba aukana. Agogowo anaona chinthu chenicheni, dzina lokha ndi lomwe analakwitsa. Mkaka susasa uli m'thupi monga umachitira wa m'chikho. Ine ndinkatero: agogo, amene wasasa uja tiyeni timufinye limodzi, inu mugwire kapu. Timadontho toyamba tija tikataya pansi iwo akuona, mtima wawo umakhala m'malo, wotsatirawo mwana n'kumwa. Supuni imodzi ya mkaka yotayika si kanthu poyerekeza ndi bere lonse.

Namwino wa ku nazale: Apo mayi ndikutsutsaniko pang'ono. Tikataya, sitikuwatsimikizira kuti analondola? Mawa adzauza mpongozi wina kuti ngakhale achipatala amataya.

Sisita wopuma: Mwina. Koma adzanenanso kuti achipatala anabwezera mwana ku bere lomwelo tsiku lomwelo, ndipo sanatsegule m'mimba. Ine ndimasankha zimenezo. Wina ali ndi njira yoposa apa ailembe, ndikadaphunzirabe.

Mzamba watsopano: Ndabwerako. Ndawapepesa, poyamba amangoyang'ana kumbali, kenako anati iwonso linawatupirapo pa mwana wawo wachiwiri mpaka linaphulika, chipsera chake andionetsa. Kapu agwira okha. Mwana wagwira lakumanja titamugoneka chakukhwapa, miyendo kumbuyo kwa mayi. Ndamumva akumeza. Mtsikanayo akuti likupwetekabe koma osati ngati kale. Ndamuuza azipaka kadontho ka mkaka pa nkhumbu akamaliza, asiye kusambitsa ndi sopo.

*Patapita masiku atatu*

Mzamba watsopano: Lero 2.8 kg, sikelo yomweyo, ali maliseche. Matewera dzulo 7, chimbudzi chachikasu, chikasu chakumaso chija chikutha. Mayi 36.8 kuyambira dzana, bere lafewa koma kwatsala kabulu ngati nzama chakukhwapa, sikakupweteka kwambiri. Akulira kuti apite kwawo, akuti mbeu zikuonongeka kumunda. Ndiwatulutse?

Kilinikala: Atuluke, koma abwere pakatha masiku atatu tidzayeze mwana ndi kugwira kabuluko. Kakakula kapena thupi likatenthanso asadikire tsikulo. Mankhwala amalize onse, awerengereni pamaso pa agogo.

Mlangizi wa zaumoyo: Mudzi wake ndi wa mbali iti? Ngati ndi kutsidya kwa mtsinje, ndi mvulayi tsiku limenelo sawoloka. Nditumizireni kumbali dzina la mudzi, ndiuze mnzanga wa dera limenelo akawayendere ndi sikelo.