Cameron, Nolan kapena Villeneuve: dzina lolemera ndi la ndani?

Kadzidzi: Akuluakulu, tithandizane apa. Mwa madayirekitala a mafilimu akuluakulu a masiku ano, wa mbiri yabwino kuposa anzake ndani? Nanga tiyeze ndi chiyani, ndalama za matikiti kapena mphoto za mafilimu za Oscar?

Mlonda77: Ikakhala ndalama, palibe chokanganirana, ndi James Cameron. Titanic ya 1997, Avatar ya 2009 ndi Avatar: The Way of Water ya 2022, iliyonse inadutsa madola 2 biliyoni. Amachedwa inde, zaka 13 pakati pa ma Avatar awiri oyamba, koma nthawiyo amakhala akukonza njira zojambulira. Pojambula The Way of Water pansi pa madzi m'thanki, thovu la mabotolo opumira linkasokoneza makamera owerenga timadontho ta pathupi la osewera, ndiye osewerawo anachita kuphunzira kugwira mpweya. Kate Winslet anakwanitsa mphindi 7. Pamwamba pa thanki anayalapo timipira toyera kuti kuwala kwa kunja kusasokoneze. Pomwe amafooka ndi pa nthano: filimu isanafike pakati, mathero ake mwawadziwa kale.

Nyenyezi: A Mlonda, ndalama pazokha zimanamiza. Avengers: Endgame ya abale awiri aja a Russo inapeza pafupifupi madola 2.8 biliyoni mu 2019, koma anthu ankathamangira dzina la kampani ya Marvel, osati iwowo. Muyeso weniweni ndi uwu: kodi munthu angagule tikiti atangoona dzina la dayirekitala? Apa Christopher Nolan alibe mnzake. Oppenheimer ya 2023 ndi maola atatu a asayansi ndi andale akukambirana m'zipinda, mbali zina zopanda mitundu, koma inadutsa madola 900 miliyoni n'kutenganso ma Oscar 7, kuphatikizapo ya dayirekitala.

Chilema cha Nolan ndi mawu. Kamera ya tepi ya IMAX yomwe amakonda kujambulira imalira kwambiri, mpukutu wake umatha m'mphindi zitatu zokha, ndipo iye sakonda kuitananso osewera kuti akabwereze mawu mu situdiyo. Onjezanipo nyimbo zogunda pachifuwa zija, mupeza chifukwa chake ambiri anatuluka mu filimu yake ya Tenet asanamve zomwe anthu ankalankhula.

Chiphaso: Denis Villeneuve musamuiwale, ngakhale iye mbiri inabwera ndalama zisanabwere. Blade Runner 2049 akatswiri anaiyamikira, koma inaluza. Kumbukirani kuti nyumba zoonetsera zimatenga pafupifupi theka la ndalama za tikiti, ndipo zotsatsa sizikhala mu bajeti yomwe amalengeza. Choncho filimu imafunika kupeza kawiri ndi theka ya bajeti yake kuti ingobweza mpamba. Dune: Part Two ndi imene inamuwombola mu 2024, itadutsa madola 700 miliyoni. Chodabwitsa, Dune yoyamba inatenga ma Oscar 6 koma mwini wakeyo sanamuike n'komwe pa mndandanda wa madayirekitala opikisana.

Mlonda77: A Nyenyezi, muyeso wanuwo ndauvomera, koma ukukomeranso Cameron. Avatar yoyamba inalibe buku kapena filimu yakale yotsamirapo, ndipo pachikwangwani panalibe wosewera wotchuka woti n'kukoka anthu.