Ndimuchotse kusukulu ya boma n'kumamuphunzitsa ndekha pakhomo?

Make Awiri analemba:

Moni nonse. Nthawi zambiri ndimangowerenga za anzanga, koma lero nanenso ndabwera ndi yanga.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali ndi zaka 7 ndipo ali Sitandade 2 pasukulu ya boma. Mpaka pano sawerenga. Kulemba amalemba, zilembo zake n'zokongola kuposa zanga, koma amangojambula zimene waona pabolodi. Sabata yatha ndinatenga buku lake, ndinaphimba chithunzi cha galu ndi dzanja n'kumuuza kuti awerenge mawu ali m'munsimo. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana nkhope yanga, kenako anati "mbuzi". Nditachotsa dzanja, iye msangamsanga, "galu!" Pamaso pake ndinaseka, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

Lachiwiri anaiwala botolo la madzi, ndiye ndinamutsatira nalo. Ndinaima pawindo kwa kanthawi osagogoda. Ana thothotho, moti mphunzitsi analibe podutsa kuti afike kumbuyo. Wanga anakhala kukhoma kwenikweni, akutafuna kolala ya yunifomu. Mphunzitsi akafunsa, kalasi yonse imayankhira limodzi, ndipo milomo ya mwana wanga imangotsatira ya anzake. Sindikuwanena aphunzitsiwo ayi, mawu awo anali atasasa kale nthawi isanakwane 10 koloko.

Ndiye zandibwerera m'mutu zoti ndimuchotse ndizimuphunzitsa ndekha. Ndimasoka zovala pakhomo pomwepa, sekondale ndinamaliza, ndipo ndili ndi kamng'ono kake ka zaka 2. Bambo ake akukana, akuti ifenso tinaphunzira mothithikana momwemo koma tikuwerenga. Apongozi akuti mwana wokulira m'nyumba amaopa anthu.

Amene munayesapo, zimatenga maola angati patsiku? Malamulo amalola? Nanga mayeso adzalemba bwanji akadzakula?

Mphunzitsi Wopuma anayankha:

Mayi, poyamba mtima m'malo. Ndaphunzitsa makalasi a ana ang'ono zaka zoposa 30, ndipo ana ngati wanuyo, olemba bwino koma osawerenga, ndakumana nawo chaka chilichonse. Amabisala mosavuta chifukwa kope lawo limaoneka laukhondo, mphunzitsi wotopa amangochonga n'kupitirira. Inu mwachita bwino kuphimba chithunzi chija. Makolo ambiri amadzazindikira mwana ali Sitandade 5.

Vutoli si la mwana wanu yekha. Mu 2022 a World Bank ndi mabungwe anzawo anayerekeza kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, ana 7 mwa 10 alionse a zaka 10 satha kuwerenga kankhani kachidule n'kukamvetsa. Komanso zaka 7 si kuchedwa koopsa. Ku Finland ana amayamba sukulu ya pulayimale ali ndi zaka 7 zomwezo.

Musanaganize zomuchotsa, pezani kaye chimene chikumukanikitsa. Mwanena kuti amakhala kumbuyo. Kodi maso ake munawayezetsapo? Makutu nanga? Mwana amene sakumva bwino sadziwa kuti sakumva, amangoonera milomo ya anzake, ndendende zimene munaona pawindo zija. Ngati ziwirizi zili bwino, muyeseni motere. Lembani g papepala. Akati "ji", ndiye kuti akudziwa dzina la chilembo koma liwu lake ayi, ndipo dzina siliwerengetsa. Palibe angalumikize "ji" ndi "a" n'kupeza "ga". Muyambe naye a, e, i, o, u mpaka azizindikira ngakhale mutazisakaniza, kenako ga, ge, gi, go, gu, kenako la, le, li, lo, lu. Tsiku limene adzalumikize yekha ga ndi lu, mudzaona nkhope yake. Mwayi wathu ndi woti chinenero chathu chimalembedwa mmene chimamvekera, kusiyana ndi Chingerezi chimene chilembo chimodzi chimalira mosiyanasiyana.

Zoti mwana amaphunzira msanga akakhala ndi womuphunzitsa wakewake n'zoona. Mu 1984 katswiri wina wa zamaphunziro wa ku America, Benjamin Bloom, analemba kuti ana ophunzitsidwa payekhapayekha ankaposa pafupifupi 98 mwa ana 100 ophunzira m'kalasi wamba. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti kusiyanako n'kocheperapo, komabe kulipo. Koma taonani, phindu limenelo silifuna kuti mwana asiye sukulu. Mphindi 20 madzulo alionse, mosadumphitsa, zimagwira ntchito imene ine sindikanaigwira teremu yonse pakati pa chigulu chija.

Ndipo pitani mukaonane ndi mphunzitsi wake, osati pageti pothamanga, koma mupemphe nthawi. Mukapemphe kuti amusunthire kutsogolo. Ife aphunzitsi mwana amene kholo lake tinalionapo nkhope sitimuiwala, kaya n'chilungamo kaya ayi, koma ndi mmene zilili.

Bambo wa Mapasa anayankha:

Achemwali, ine ndinayesapo, ndiye ndikuuzani mmene zinatiyendera ifeyo.

Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, nthawi ija a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona zamaphunziro, ankati ana oposa 1.5 biliyoni padziko lonse ali pakhomo, mapasa athu anali ndi zaka 8. Zitatsegulidwa ife sitinawabweze, tinapitiriza tokha zaka ziwiri. Za maola musadandaule. Kusukulu nthawi yambiri imathera pa kufola, kuitana mayina, kukhazika ana chete ndi kudikira ochedwa kukopera. Pakhomo maola awiri kapena atatu m'mawa tinkakhala titamaliza za tsikulo.

Chovuta si maola a mwana, ndi maola anu. Usiku umayenera kukonzekera za mawa, apo ayi umangotsegula buku n'kumawerengera mwana ngati wailesi. Mayi akunyumba anasiya ntchito chaka chachiwiri, ndipo nyumba yoyendera malipiro a munthu mmodzi inamveka kulemera kwake. China chimene palibe anatichenjeza n'chakuti munthu ukakhala kholo ndi mphunzitsi nthawi imodzi, mkangano wa pa masamu sutha belu likalira, chifukwa belu kulibe. Tsiku lina ndinamukalipira mnyamata wanga chifukwa ankalimbikira kuti 1/4 ndi yaikulu kuposa 1/2, poti 4 ndi wamkulu kuposa 2. Madzulo ake anakana kukhala pafupi nane. Kusukulu akanadana ndi mphunzitsi n'kubwera kudzandidandaulira ine. Apa akanadandaulira ndani? Mawa lake ndinang'amba pepala pakati, lina ndinaling'amba panayi, n'kumuuza asankhe chidutswa chachikulu. Anamvetsa pompo. Wolakwa ndinali ine.

Chodabwitsa n'chakuti ana obadwa tsiku limodzi zinawayendera mosiyana. Mtsikana anathamanga, ankawerenga mabuku a makalasi awiri kutsogolo. Mnyamata anafota. Iye amalimbikira akaona mnzake wamuposa, ndipo mlongo wake samuwerengera ngati wopikisana naye. Mu 2022 tinawabweza onse awiri, mtsikana akunyinyirika, mnyamata akudumpha.

Za malamulo, dziko lililonse lili ndi ake, ndipo amasiyana kwambiri. Chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha 1948, mu gawo 26, chimati makolo ndiwo oyamba kusankha mtundu wa maphunziro a ana awo, koma chomwecho chimatinso maphunziro a pulayimale akhale okakamiza. Ku Germany mwana ayenera kupita kusukulu basi, ndipo makolo amene anakasuma kukhothi la ufulu wa anthu la ku Ulaya anagonja. Ku France kuyambira 2022 uyenera kupempha chilolezo n'kupereka chifukwa chomveka, pomwe kale unkangodziwitsa boma. Ku United States n'zololedwa m'zigawo zonse 50, koma ku New York kholo limapereka malipoti kanayi pachaka pomwe ku Texas silidziwitsa aliyense. Ku South Africa mwana amalembetsedwa ku ofesi ya zamaphunziro ya chigawo chake. Ndiye inu musadalire zomva, pitani ku ofesi ya zamaphunziro ya komwe mukukhala, mukafunse, ndipo yankho lawo akupatseni polemba.

Mukakafika kumeneko mukafunsenso za mayeso a boma, ngati mwana wosalembetsa pasukulu amaloledwa kulemba ndiponso amalembetsa bwanji. Mabanja ena amatsata mayeso a kusekondale ochokera ku England otchedwa Cambridge IGCSE, amene mwana amatha kulemba payekha polembetsa kudzera pamalo ovomerezeka, koma phunziro lililonse limalipiridwa palokha. Wanu akadali wamng'ono, komabe kuli bwino kudziwiratu khomo limene adzatulukire. Ife tinkasunga makope onse ndi madeti ake mu katoni, ndipo ndi katoni imeneyo inatithandiza pamene ahedi ankafuna kudziwa kalasi yowaika.

Azakhali a Ana anayankha:

Pepani achemwali, ndilankhula mosapsatira. Makina osokera, makasitomala ofuna madiresi awo Loweruka, mwana wa zaka 2 wokoka nsalu, kenako bambo amene sakugwirizana nazo. Mudzaphunzitsa nthawi yanji? Mwezi woyamba mudzalimba, wachitatu mwanayo adzakhala mlezi wa mng'ono wake. Ndaziona kwa mchemwali wanga weniweni. Ngati bambo ake sanavomere ndi mtima wonse, tsiku lililonse limene mwana adzalephere kanthu mlandu udzakhala wanu.

Wokulira Pakhomo anayankha:

Amayi, ine ndine mwana amene mukumuganizirayo, kungoti ndakula. Mayi anga anandiphunzitsa pakhomo mpaka ndili ndi zaka 13.

Sindidandaula. Kuwerenga ndinayamba msanga, ndipo ndinazolowera kufufuza ndekha chinthu ndikapanda kuchimvetsa, zimene zinandithandiza ku koleji. Apongozi anu sakunama kotheratu, koma sikuti ndinkaopa anthu. Ndi akuluakulu ndinkacheza bwino kwambiri. Amene ankandisokoneza anali amsinkhu wanga. Tsiku loyamba kusekondale mphunzitsi anafunsa funso, ine n'kuyankha pompo osakweza dzanja, ndipo kalasi yonse inandicheukira. Sindinkadziwa kuti munthu umatha kudziwa yankho n'kukhala chete. Sindinkadziwa kusiyanitsa mnzanga amene akundiseka ndi amene akuseka nane. Mayeso oyamba a nthawi yoikika ndinasiya mafunso atatu, chifukwa pakhomo palibe anandilandapo pepala ndisanamalize. Zonsezi ndinaziphunzira, koma ndili ndi zaka 14, pamene anzanga anaziphunzira ali ndi 6 popanda wowaseka.

Komanso ndisiyaneko pang'ono ndi amene amati sukulu imapatsa mwana anzake. Kukhala pakati pa ana ambiri si kukhala ndi mnzako. Mwana wotafuna kolala kukhoma uja akhoza kukhala wosungulumwa kuposa mmene ine ndinalili.

N'chifukwa chake ndadabwa kuti mwatiuza maganizo a bambo ake ndi a apongozi, koma a mwini wakeyo ayi. Mufunseni, koma osati "ukufuna kusiya sukulu?", chifukwa adzayankha chimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Mufunseni amene amakhala naye pa buleki, ndi chimene chimamuchititsa mantha m'kalasi.

Make Awiri analembanso:

Zikomo nonse, ndinakhala chete masabata atatu chifukwa ndimafuna ndibwere ndi zoona.

Aphunzitsi, munalasa. Maso ndi makutu tinakayezetsa, zonse zili bwino. Koma nditalemba g anati "ji", m anati "emu", ndipo afabeti yonse amaiimba bwinobwino ngati nyimbo. Chaka ndi theka mwana akuimba mayina a zilembo! Tinayamba a, e, i, o, u pa tizidutswa ta katoni ya nsapato, ndimatiika pa tebulo la makina iye n'kumatola kamene ndatchula, ine ndikupinda mipendero. Lamlungu lapitali anawerenga yekha "gule". Si mawu amene ndinamuphunzitsa, anangolumikiza gu ndi le, kenako anakuwa mpaka kudzutsa mng'ono wake.

Aphunzitsi ake ndinaonana nawo. Ndinapita ndi mantha kuti aziona ngati ndabwera kudzawaweruza, koma anandipatsa mpando ndipo anamusunthira mzere wachiwiri. Anandiuza kuti alipo ena ambiri otere m'kalasimo amene makolo awo sanabwerepo.

Azakhali, mawu anu anandiwawa tsiku loyamba, koma mphindi 20 zokhazi masiku awiri ndazilephera chifukwa cha maoda, ndiye maola atatu ndikanawatenga kuti? Achimwene a mapasa, ku ofesi ya zamaphunziro sindinapitebe, koma ndipita ndithu, chifukwa maganizo omuchotsa sindinawataye. Tagwirizana ndi bambo ake kuti tione mmene ziyendere mpaka kutha kwa teremu yamawa. Iwonso ayamba kumufunsa zilembo za pa mapaketi, ngakhale akupitirizabe kunena kuti ankadziwa kuti palibe vuto.

Mng'ono wanga wokulira pakhomo, ndinamufunsa monga unanenera. Akuti pa buleki amakhala ndi mnzake mmodzi amene amamusungira malo akachedwa. Chimene amaopa ndi kuitanidwa kubolodi. Nditafunsa ngati angakonde kumaphunzira ndi ine kunyumba, anaganiza kaye n'kunena kuti, "Nanga malo anga amusungira ndani?" Ankatanthauza kuti mnzakeyo adzasungira ndani malo, koma ndinamumva.

Tsopano pabuka china. Akusokoneza b ndi d, "bala" akuwerenga "dala", ndipo nthawi zina p amamutembenuzanso. Aphunzitsi, kodi zimenezi zimatha zokha pa msinkhu umenewu, kapena pali kachitidwe kake? Ndiziphunzitse limodzi kuti aone kusiyana, kapena ndiyambe ndi b yekha mpaka akhazikike?