Mabroiler anga akukula mosiyana, kodi walakwa ndi gaga kapena dzuwa?

Moni nonse pa gulu lino. Ndine mayi wa kuno ku Santhe, ku Kasungu, ndipo nkhani yandibweretsayi yandisowetsa tulo. Aka n'kachiwiri kuweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba. Ulendo woyamba ndinatenga anapiye 50, zinayenda bwino, pa masabata 6 zonse ndinagulitsa. Ulendo uno ndinalimba mtima n'kutenga 100.

Masabata awiri oyamba zinkadya starter (chakudya chogula cha anapiye) yekhayekha, usiku ndikuziikira mbaula. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro zinalandira, zinafa zitatu zokha. Mavuto anayamba nditalowa pa grower, chakudya cha nkhuku zosinkhukirapo. Nkhukuzi zikamasinkhuka zimadya osati masewera, ndipo ndalama yomwe ndinasunga inandithera panjira. Mnzanga wina anandiuza kuti ndizisakaniza ndi gaga, ena mumati madeya, ndowa ya grower ndowa ya gaga. Ndatero masiku khumi.

Lero zili ndi masiku 26. Ndinabwereka sikelo kwa mnyamata wogula soya n'kuyeza khumi. Yaikulu yangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, yaing'ono magalamu 700. Mungaganize kuti zina ndi ana a zinzake, chonsecho zinabwera mu katoni imodzi. M'mawa ndikalowa m'khola ndimapeza timibulu tonse zatola, pansi pa modyera patatsala gaga yekha. Masana zimangoti khumaa pa utuchi, kukamwa yasa, mapiko tambalale, chakudya osachiyang'ana n'komwe.

M'nyumba ndili ndi matumba atatu a soya ndi chimanga cholima ndekha. Kodi ndingagayitse n'kupanga chakudya changachanga? Nanga ndi dzuwa la Okutobalali, ndizizidyetsa nthawi yanji? Chonde ndithandizeni, fizi ya mwana wanga wa Fomu 3 ndikuyembekezera pa nkhuku zomwezi.

Mlimi wa ku Kamwendo:
Mayi, gagayo musiyeni lero lomwe. Broiler si nkhuku yachikuda kapena mikolongwe yomwe imakapalasa kudzala n'kupezako chiswe. Iyi moyo wake wonse uli m'modyeramo. Starter amakhala ndi mapuloteni cha m'ma 22 pa 100, grower cha m'ma 20, finisher (chakudya chomalizira) 18 kapena 19. Gaga ali cha m'ma 10 basi. Ndiye mukaphatikiza theka ndi theka mwatsitsa chakudya chonse, mavitamini ndi michere yomanga mafupa nazo mwasungunula. Zamphamvu zikuthamangira timibulu, zofooka zikutsalira gaga, n'chifukwa chake zasiyana chonchi.

Ine ndimawerengera makilogalamu anayi pa nkhuku iliyonse kufika masabata 6. Pa nkhuku 100 ndi matumba 8 a makilogalamu 50. Ngati m'thumba muli ndalama ya matumba anayi, ndimatenga anapiye 50, osapitirira. Nanenso ndinapsapo mu 2023 kwacha itagwa mu Novembala, chakudya chinakwera nkhuku zili m'khola. Panopa patulani zing'onozing'ono, muzitchingire mbali yawo ndi modyera mwawomwawo.

Mayi a ku Chamama:
Achemwali, pa soya ndiimepo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Soya wamuwisi musayerekeze. Ali ndi zinthu zina zolepheretsa nkhuku kugaya mapuloteni, moti imadya koma osakula, n'kumangotsegula m'mimba. Amafunika kukazinga kaye pa chiwaya, moto wapakatikati, mukutakasa osaleka mpaka afiirire pang'ono ndi kununkhira ngati mtedza wokazinga. Mukamutafuna asamveke chiwisi. Akapserera mwawononganso.

Komatu soya ndi chimanga pazokha sizikwana. Pamafunika premix ya mabroiler (msakanizo wa mavitamini ndi michere), laimu, mchere pang'ono, lysine ndi methionine (tizigawo ta mapuloteni), ndipo zonsezi n'zoyeza pa sikelo, osati ndi chikho kapena dzanja. Mchere ukangochuluka khola lonse limasanduka matope. Njira yapafupi kwa inu ndi kufunsa concentrate (chakudya cha mapuloteni ambiri chosakaniza kale) m'mashopu ogulitsa za ziweto kuboma, n'kusakaniza ndi chimanga chanu chogaya mwamisere motsata zomwe alemba pa thumbalo. Chimangacho chikhale chouma bwino. Chofumbwa, chowola kapena mphwepwa za mtedza zachuku musaike, chuku chimawononga chiwindi cha nkhuku. Ine ndikanakhala inu, ndikanagulitsa thumba limodzi kapena awiri a soya n'kugula chakudya chopanga kale. Zoyeserera mudzayambe ndi gulu lotsatira, pa nkhuku zochepa.

Wina wa ku Mkanda:
Ine gaga ndimaika ndithu, koma sabata yomaliza yokha, pang'ono, ndi usipa wosinja. Makasitomala sanadandaulepo. Koma theka ndi theka ayi, pamenepo munachulutsa mayi.

Mnyamata wa ku Chinkhoma:
Za kutenthazo amayi. Nkhuku situluka thukuta, imazizira ndi kupuma, ndiye kuyasamula kuja. Ikadya masana thupi limatenthanso kwambiri pogaya chakudya. Ine ndimadzaza modyera mbandakucha, cha m'ma 10 koloko ndimakweza mmwamba, n'kudzatsitsa cha m'ma 4 dzuwa litapepa. Usiku ndimayatsa babu la sola kuti zidye kukuzizira, kenako ndimazimitsa maola angapo zipume. Madzi okha asasowe mpang'ono pomwe, ndipo nyengo ino zimamwa kuposa kawiri kulemera kwa chakudya chomwe zadya. Musaike chigubu padzuwa. Ngati denga ndi lamalata, yalanipo udzu. Kodi zitosi zili bwanji? Ngati muli magazi thamangani kwa alangizi a ziweto, imeneyo ikhoza kukhala nthenda ya m'matumbo yotchedwa coccidiosis.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonsenu, Mulungu akudalitseni. Achimwene a ku Chinkhoma, ndapita kukaona ndi tochi, magazi mulibe, kungoti n'zamadzimadzi, ndipo utuchi wapafupi ndi momwera wanyowa. Ndauchotsa n'kuthira wouma. Ndapatula zing'onozing'ono 31, ndazitchingira ndi mphasa yakale. Denga ndi lamalata ndithu, bambo a kunyumba ati mawa akwera kukayala udzu.

Soya ndigulitsako matumba awiri, lachitatu lisiyidwe la mbewu. Tsono bambo a ku Kamwendo, ndifunsenso. Poti zatsalira chonchi, ndigule grower kuti zipitirize naye kapena ndingolowa pa finisher popeza masiku ake akwana? Nanga zing'onozing'ono zija, nditazibwezera pa starter kwa sabata imodzi, zingawapeze anzawo, kapena ndingovomereza kuti zimenezo zidzatuluka pa masabata 8?