Bodi imagwirizana bwinobwino koma ntchito siyenda, tikonze pati?

Mlembi wa koparetivi, Mchinji:
Atsogoleri anzanga, ndithandizeni nzeru. Koparetivi ya mamembala 240, bodi ya anthu 9, manijala mmodzi ndi akalaliki awiri. Bodi imakumana mwezi uliwonse kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka, koma zomwe tagwirizana zimabwereranso pa ajenda zisanachitike. Nyengo yogula soya yayandikira, matumba sanagulidwe, sikelo sinapimidwe.

Manijala, Kasungu:
Amayi, yambani ndi maminitsi anuwo. Mukalemba kuti "bodi yagwirizana kuti matumba agulidwe", palibe amene adzagule, aliyense amayesa kuti mnzake achita. Mfundo iliyonse ikhale ndi zinthu zinayi: ntchito yake, dzina la munthu mmodzi, tsiku lomalizira, ndalama ndi komwe zichokere. Mwachitsanzo: matumba 600 a makilogalamu 50, manijala, pofika pa 20 Epulo, atabweretsa makotesheni atatu. Msonkhano wotsatira uziyamba ndi kuwerenga mndandanda umenewu, aliyense ayankhe kuti yatheka kapena ayi. Ajenda isapitirire mfundo zisanu, ndipo maola awiri akwana. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Wowerengera ndalama, Lilongwe:
Zoona achimwene, koma ine ndikukayikira kuti manijala ali ndi mphamvu yogula chilichonse. Ngati ngakhale chingwe chosokera matumba chimadikira siginecha ya wapampando, ntchito iima basi. Bodi iike malire polemba: ndalama zosapitirira mwakuti manijala agwiritse ntchito yekha n'kubweretsa malisiti, zoposa pamenepo asayine anthu awiri. Bodi ntchito yake ndi kuika mfundo ndi kufunsa lipoti, osati kukakwera minibasi kukagula matumba.

Pamsika pakhale anthu atatu osiyana: woyeza, wolemba lisiti, wolipira. Munthu mmodzi akagwira zonse, mwamuika pa mayesero. Madzulo aliwonse makilogalamu a m'malisiti afanane ndi matumba olowa m'nyumba yosungiramo katundu komanso ndalama zotsala. Sikelo ipimidwe ndi a Malawi Bureau of Standards msika usanatsegulidwe. Chinyezi nachonso musachiderere: soya wogulidwa pa 16 peresenti akauma kufika pa 12, thumba la makilogalamu 50 limatsala pafupifupi 47.7. Pa matumba 600 mwataya makilogalamu oposa 1,300, kenako mumayamba kunamizira kalaliki kuti waba.

Mlembi wa koparetivi, Mchinji:
Zikomo kwambiri bambo. Nanga wapampando akakana kuti cheke ichoke m'manja mwake?

Mlangizi wa makoparetivi, Dowa:
Musamutsutse pagulu amayi, akachita manyazi adzaumirira. Awiri a m'bodi amene amawamvera akakambe naye padera, atanyamula malamulo a koparetivi yanu, pomwe pali ntchito za wapampando ndi za manijala. Kenako nkhaniyo ibwere ku bodi ngati mfundo yovotera, ilembedwe, ndipo kalata ya osayinira ipite kubanki sabata yomweyo. Zikakanika, komiti yoyang'anira ili ndi udindo wokaitula ku msonkhano waukulu wa mamembala.

Chinanso, mwezi ndi wautali nthawi yogula. Lolemba lililonse m'mawa manijala akumane ndi akalaliki kwa mphindi 20, ali chiimire: tagula matumba angati, ndalama zatsala zingati, chatsekereza n'chiyani. Mayankho atatuwo awatumize ku bodi pa WhatsApp isanakwane 10 koloko.