Thandizeni pa nkhani ya Iran ndi mafuta nthawi ya nkhondo yachiwiri

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu akuluakulu odziwa mbiri. Ndakakamira pa asayimenti ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mutu wake ndi Iran ndipo ikufunika Lachisanu lino.

Zomwe ndagwira ndi izi: mu Ogasiti 1941 asilikali a Britain ndi Soviet Union analowa m'dzikomo, a Soviet kumpoto a Britain kummwera, ati poopa Majeremani omwe ankagwira ntchito kumeneko, mwezi wotsatira mfumu ya Iran, Reza Shah, anatula pansi ufumu mwana wake Mohammad Reza n'kulowa. Koma ine za Majeremanizo sizikundikhutiritsa, chifukwa Britain inali ndi fakitale yaikulu yoyenga mafuta ku Abadan, komanso njanji ya dzikolo inkafunika potumiza zida ku Russia. Ndiye mu 1944 a Soviet aja anayambanso kufuna mafuta a kumpoto, pofika 1946 n'kumachedwa dala kuchotsa asilikali awo ku Azerbaijan ya ku Iran. Apa mpamene mutu wanga waima.

Ndasaka pa intaneti mpaka bandulo yatha kawiri, zambiri zikungokamba za msonkhano wa atsogoleri a Britain, America ndi Soviet Union wa ku Tehran, likulu la Iran, wa 1943. Buku lomwe ndinapeza kulaibulale masamba a Iran anathothoka. Aphunzitsi ndawalembera sanayankhe.

Funso langa: cholinga chenicheni cha 1941 chinali mafuta, njanji kapena Majeremani? Nanga anthu wamba zinawakhudza bwanji, poti mu Disembala 1942 ku Tehran kunabuka ziwawa chifukwa chosowa buledi? Izi ndiye zikundikhudza kwambiri. Chonde amene mukudziwa ndimasulireni, ngakhale pa voice note.