Soda wophikira therere angathandize kusiya fodya?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndasuta fodya zaka 14, ndudu 10 pa tsiku, ndipo aka n'kachitatu kuyesa kusiya. Lero ndi tsiku lachinayi osasuta, chibaba chandikwana moti ana akundizemba pakhomo. Alamu anga akuti ndizimwa soda wophikira therere wosungunula m'madzi. Akuti mkodzo ukachuluka asidi thupi limataya msanga nikotini (mankhwala a mu fodya opatsa chibaba aja), chibaba n'kubwerera msanga, ndiye soda amachepetsa asidiyo. Komatu ndili pa mankhwala a BP. Alipo anayesako?

Yankho loyamba: Achimwene, sodayo musiyireni therere. Mawa adzakuuzani kuti mumwe chidulo.

Yankho lachiwiri: Ndimagwira ntchito kuchipatala. Alamu anuwo sananame zonse. Mkodzo ukakhala wa asidi, impso zimatulutsadi nikotini wambiri. Asidi akachepa, nikotini wina amabwerera m'magazi. Stanley Schachter wa ku Columbia University ku America anafufuza zimenezi cha m'ma 1977, n'kupeza kuti anthu amasuta mowonjezerako mkodzo wawo ukachuluka asidi. Koma njira ya impsoyi ndi yaing'ono. Nikotini wambiri amaphwanyidwa m'chiwindi, wotuluka mumkodzo osasinthika amangokhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10.

Tsono taonani apa bambo. Nikotini amachepa ndi theka m'magazi pa maola awiri aliwonse. Inu mwatha masiku anayi. Sodayo asunga chiyani, poti nikotiniyo anatha kale? Chimene chikukusautsani ndi ubongo umene unazolowera. Masiku oyambawa ndiye owawitsa, pakatha milungu iwiri mpaka inayi zimapepuka. Ndipo soda ali ndi sodiyamu ngati mchere, amakweza BP, angasokonezenso mankhwala ena. Chonde musamwe.

Yankho lachitatu: Ine ndinasiya ndi chingamu cha nikotini cha ku famase. Anandichenjeza kuti ndisamwe khofi kapena zoziziritsa kukhosi kwa mphindi 15 ndisanatafune, chifukwa asidi wa m'kamwa amalepheretsa nikotini kulowa m'thupi. Asidi amene ndinkasamala ndi ameneyo, osati wa mumkodzo. Inu poti muli ndi BP muyambe mwafunsa adokotala.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndinali nditagula kale kapaketi ka soda pa okala, ndakapereka kwa amayi akunyumba, madzulo ano tidya therere. Koma za chingamuzo, chimapezeka m'mafamase a ku Mzuzu kuno?